Mitundu ya pa Sikirini ndi Mitundu ya Zinthu Zogwirika: Zimene Mphunzitsi Ayenera Kudziŵa

Mphunzitsi wakale anali ndi zida zoŵerengeka: bolodi, choko, buku, ndi zinthu zimene iye ndi ana ake ankatola panja pa kalasi. Mphunzitsi wa lero ali ndi chida china m'thumba mwake, ndicho foni, ndipo ambiri a inu amene mukuphunzira uphunzitsi pa koleji ya Machinga mumafuna zithunzi za maphunziro anu pa intaneti musanatsegule buku. Ana nawonso ayamba kuzoloŵera galasi loŵala limene timalitcha sikirini, makamaka kuyambira m'chaka cha 2023 pamene boma linayamba ndondomeko ya BEFIT yopereka matabuleti ku sukulu za pulaimale kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzirira kuŵerenga ndi masamu. Zimenezi nzabwino, ndipo sitikufuna kuzinyoza. Koma pali funso limodzi limene tiyenera kulilingalira tisanaloŵe m'kalasi ndi zida zimenezi. Kodi kufiira kumene mwana akuona pa sikirini ndi kufiira komwe kuja kwa nsalu, kwa dothi kapena kwa utoto umene uli m'manja mwake? Yankho nlakuti iyai, ndipo mphunzitsi wosadziŵa chifukwa chake angathe kulakwitsa mwana amene sanalakwe.

M'nkhani ino mau akuti "mtundu" tikuwagwiritsa ntchito ponena za kufiira, kuyera, kuda, kubiriŵira ndi zina zotero.

Kumene mtundu umachokera

Kuŵala kwa dzuŵa timakuona ngati koyera, koma m'kati mwake muli mitundu yambiri yosakanizika. Isaac Newton wa ku England anaonetsa zimenezi m'chaka cha 1666 pamene analoŵetsa kuŵala kwa dzuŵa m'galasi la mbali zitatu, kuŵalako nkumwazika kukhala mitundu ya utaŵaleza. Inu mungathe kuchita zofananazo pa bwalo la sukulu. Thirani madzi m'beseni, muikemo kalilole mopendeketsa kuyang'ana kudzuŵa, ndipo mulandire kuŵala kobwererako pa pepala loyera kapena pa khoma lopakidwa njereza. Muchenjeze ana kuti asayang'ane dzuŵa m'kalilolemo.

Tsono tomato wakupsa alibe kuŵala kwakekwake. Kuŵala kwa dzuŵa kukamugwera, khungu lake limameza mitundu yambiri ndi kubweza wofiira, ndipo wofiirawo ndiwo umafika m'diso lathu. Tsamba la chinangwa limameza kwambiri wofiira ndi wabuluu, nkubweza wobiriŵira. Makala amameza pafupifupi zonse, njereza imabweza pafupifupi zonse. Chotero chinthu chilichonse chogwirika chimapeza mtundu wake mwa kuchotsako mbali ya kuŵala kumene chalandira. Muzimitse nyali usiku, tomato uja alibenso mtundu.

M'kati mwa diso, kumbuyo kwake, muli kachikopa kopyapyala kotchedwa retina. Pamenepo pali timaselo pafupifupi 6 miliyoni totchedwa cones, ndipo tili m'magulu atatu: ena amamva kwambiri kuŵala kwa mbali ya kufiira, ena kwa mbali ya kubiriŵira, ena kwa mbali ya buluu. Thomas Young anaganizira za magulu atatuŵa m'nkhani yake ya 1802, kale kwambiri anthu asanathe kuyesa timaseloto. Ubongo umayerekeza mphamvu ya uthenga wochokera ku magulu atatuŵa, nkugamula kuti ichi nchofiira, icho nchachikasu. Mfundo imeneyi muigwiritsitse, pakuti nkhani yonse ya sikirini yatsamira pa iyo: diso siliŵerenga mtundu uliwonse paokha, limangoŵerenga mauthenga atatu.

Sikirini imaonjezera, utoto umachotsa

Popeza diso limadalira mauthenga atatu, munthu angathe kulikhutiritsa ndi nyali zitatu zokha. James Clerk Maxwell anachita zimenezi ku London m'chaka cha 1861. Anaunika pa khoma zithunzi zitatu za kansalu kamaŵangamaŵanga, china ndi kuŵala kofiira, china kobiriŵira, china kwabuluu, ndipo zitagwera pamodzi anthu anaona kansaluko m'mitundu. Sikirini ya foni yanu imachita zomwezo. Ili ndi timadontho tambirimbiri, ndipo kadontho kalikonse kali ndi tizigawo toŵala mofiira, mobiriŵira ndi mwabuluu. Pa zithunzi zambiri kagawo kalikonse kangaŵale pa milingo 256, kotero kuti 256 × 256 × 256 imapereka mitundu 16,777,216. Ana a Sitandade 8 amene amakonda masamu angayese kuchulukitsa okha.

Musangowauza ana zimenezi, aoneni okha. Tsegulani tsamba loyera pa foni, mudonthezepo kadontho kakang'ono kwambiri ka madzi ndi nsonga ya udzu, kutali ndi timaboŵo ta foniyo. Kadontho ka madziko kamakulitsa zimene zili pansi pake, ndipo m'malo mwa kuyera mwana adzaona timaŵanga tofiira, tobiriŵira ndi tabuluu. Sikirini ya kompyuta kapena ya wailesi yakanema imaonetsa bwino koposa, chifukwa timadontho take ntokulirapo. Kenaka muike chithunzi cha chikasu. Mwana adzapeza kuti palibe kadontho kachikasu ngakhale kamodzi: tofiira ndi tobiriŵira ndito tikuŵala, tabuluu tazilala. Uthenga umene tiŵiriti timatumiza ku ubongo ngwofanana ndi umene kuŵala kwa chikasu kukanatumiza, ndipo ubongo umavomera.

Apa ndi pamene ana amasokonezeka, ndipo kusokonezeka kwao nkwanzeru. Mwana amene waona kuti kufiira ndi kubiriŵira zimabala chikasu pa sikirini adzatenga utoto wofiira ndi wobiriŵira nkusakaniza, koma adzapeza matope ofiirira ngati a m'dambo. Chifukwa chake nchakuti utoto wofiira wameza kuŵala kobiriŵira, utoto wobiriŵira wameza kofiira, ndipo kotsala kobwerera m'diso nkochepa. Nyali zikaphatikizana kuŵala kumachuluka mpaka kuyera. Utoto ukaphatikizana kuŵala kumachepa mpaka kuda. Mabuku ambiri a zojambula amaphunzitsa kuti mitundu yoyambira ndi wofiira, wachikasu ndi wabuluu. Pa utoto wa m'kalasi chiphunzitso chimenechi chimathandiza ndithu, pakuti wachikasu ndi wabuluu amabaladi wobiriŵira. Koma pophunzitsa Expressive Arts tiyenera kunena poyera kuti imeneyo ndi mitundu yoyambira ya utoto, kuti mwana akadzamva m'sayansi za wofiira, wobiriŵira ndi wabuluu asadzaganize kuti mphunzitsi mmodzi mwa aŵiriwo anamunamiza.

Osindikiza mabuku ali ndi njira yaoyao yochotsera kuŵala. Amene muli pafupi ndi Balaka, kumene kuli nyumba yosindikizira ya Montfort Media, mungapindule kupempha chilolezo chokaona makina osindikizira akugwira ntchito. Chithunzi cha mitundu chimasindikizidwa ndi inki zinai: cyan, amene ndi buluu wopita ku kubiriŵira, magenta, amene ndi wofiira wopita ku pepo, chikasu, ndi wakuda. Galasi lokulitsira likaikidwa pa chithunzi cha m'nyuzipepala limaonetsa timadontho ta inki zinaizi. Mitundu ina yoŵala kwambiri ya pa sikirini, makamaka buluu ndi wobiriŵira zonyezimira, inki zimenezi sizingaifikire konse. Nchifukwa chake tchati chimene munachikonza mokongola pa kompyuta chimatuluka chozilala pa pepala, ndipo wosindikizayo sanakubereni. Pepala silingaŵale koposa kuŵala kumene kwaligwera, pamene sikirini ili ndi nyali yakeyake. Koma nayonso sikirini ili ndi malire: panja padzuŵa kuda kwake kumatuŵa ndipo mitundu yonse imafooka, pamene buku limaoneka bwino koposa.

Chinthu chimodzi, mitundu yambiri

Tiyeni titenge mbendera ya dziko lathu, imene inakwezedwa koyamba pa 6 July 1964, nisinthidwa m'chaka cha 2010, nkubwezeretsedwa m'chaka cha 2012. Mwana aliyense amadziŵa kuti ili ndi wakuda, wofiira ndi wobiriŵira. Ikani chithunzi chake chimodzimodzi pa mafoni atatu a opanga osiyana, muwaike pamodzi pa tebulo. Mudzaona kubiriŵira kutatu kosiyana. Foni ina ili ndi sikirini yokoleza mitundu, ina yachepetsedwa kuŵala kuti batire isathe, ina yatsegulidwa njira yoteteza maso usiku imene imachepetsa buluu ndi kuchititsa zonse kuoneka ngati zachikasu. M'chaka cha 1996 makampani a HP ndi Microsoft anakonza muyeso wotchedwa sRGB kuti makina osiyanasiyana azigwirizana pa mitundu, ndipo zithunzi zambiri za pa intaneti zimatsata muyeso umenewo. Komabe si foni iliyonse imene imautsata mokhulupirika. Tsono tulukani panja mukaone mbendera ya pa sukulu, imene yakhala padzuŵa ndi pa fumbi kwa miyezi yambiri. Imeneyo ndi yachinai. Mwana akafunsa kuti yeniyeni ndi iti, funso lake nlabwino koposa mayankho ambiri amene timawapatsa malikisi.

Chithunzi chisanafike pa sikirini chimayamba chadutsa m'kamera, ndipo kamera imachita kuganizira yokha mtundu wa kuŵala kwa pamalopo. Kuŵala kwa m'maŵa ndi kwa madzulo nkofiirira, kwa mumthunzi masana nkopita ku buluu, kwa nyali ya parafini nkwachikasu. Kamera ikaganiza molakwa, mitundu yonse imapendekera mbali imodzi. Amene anayesapo kujambula maluŵa a namasupuni pa Shire, pa Liwonde, angakhale ataona kuti pepo wa maluŵawo kaŵirikaŵiri amatuluka ngati buluu. Pepo ndi mtundu umene makamera ambiri amavutika nawo.

Ubongo wathu nawonso umaganizira, ndipo umachita bwino koposa kamera tikakhala pamalo penipenipo. Malaya oyera timawaona oyera m'maŵa, masana ndi madzulo, ngakhale kuti kuŵala kochokera kwa iwo kwasintha, chifukwa ubongo ukuona khoma, mthunzi ndi thambo, nkuchotserapo mtundu wa kuŵalako. Pa chithunzi zothandizira zimenezi zimasoŵa. M'mwezi wa February 2015 chithunzi cha diresi ina chojambulidwa ku Britain chinagaŵanitsa anthu padziko lonse: ena ankalumbira kuti ndi yoyera ndi yagolide, ena kuti ndi yabuluu ndi yakuda. Diresiyo inali yabuluu ndi yakuda. Chithunzicho sichinaonetse bwino ngati inali mumthunzi kapena poŵala kwambiri, ndipo ubongo wa aliyense unadzisankhira. Anthu amenewo anali akuluakulu a maso abwino. Nanga bwanji mwana wa zaka zisanu ndi ziŵiri?

Kunena zoona, amayi a pa msika wa Ntaja kapena wa Ulongwe anazidziŵa zimenezi kalekale. Mayi wogula chitenje savomera mtundu wake ali m'kati mwa sitolo. Amapita nacho pakhomo kuti achione padzuŵa, ndipo akafuna mpango wogwirizana nacho amaika nsalu ziŵirizo pamodzi. Akuchita sayansi yeniyeni, pakuti nsalu ziŵiri zingafanane pansi pa babu lamagetsi koma nkusiyana padzuŵa. Komiti ya sukulu imene iitanitsa nsalu ya yunifomu kuchokera mu mzinda itangoona chithunzi pa WhatsApp yasiya nzeru ya amayiwo, ndipo isadabwe ana akadzaoneka ngati a sukulu ziŵiri. Kansalu kachitsanzo kotumizidwa m'envulopu kamathetsa mkangano wonse.

Palinso nkhani ya mitundu yoyandikana. Michel Eugène Chevreul, amene ankayang'anira ntchito yonika ulusi pa nyumba yoombera nsalu ya Gobelins ku Paris, analandira madandaulo akuti ulusi wake wakuda sunali kuda mokwanira. Atafufuza anapeza kuti ulusiwo unalibe vuto. Mitundu yoombedwa pambali pake ndiyo inkausintha m'maso mwa anthu. Zimene anapeza anazifalitsa m'chaka cha 1839. Dulani tizidutswa tiŵiri pa pepala limodzi lotuŵa, kena muike pa nsalu yakuda, kena pa yoyera, ndipo ana adzatsutsa kuti si pepala limodzi mpaka mutatiika pamodzi.

Zinthu zogwirika zili ndi khalidwe linanso limene sikirini ilibe: zimasintha ndi madzi ndi nthaŵi. Njereza, monga imene imaotchedwa kuchokera ku miyala ya ku mapiri a Chenkumbi m'boma la Balaka, imaoneka yotuŵa ikangopakidwa pa khoma, koma ikauma imayera mbee. Katondo wonyoŵa ngwoderapo kuposa wouma. Nsalu yosalala imanyezimira mosiyana ukaipendeketsa, ndipo nthenga za mbalame zina zimasintha mtundu mbalameyo ikatembenuka. Chithunzi chimagwira kamphindi kamodzi ndi mbali imodzi.

Maina a mitundu

Nkhani ya maina tingoikhudza pang'ono. Chicheŵa chili ndi mau akale atatu olimba, kuyera, kuda ndi kufiira, pamodzi ndi kubiriŵira. Ena timawatchula poyerekeza ndi zinthu, monga chikasu, phulusa, mtambo kapena msipu, ndipo ena monga buluu ndi pepo tinabwereka. Kufiira kwathu nkotakata: magazi, njerwa, dothi la katondo ndi ng'ombe yofiirira zonse zimaloŵamo. Ana ambiri a ku Machinga amalankhula Chiyao kwao, ndipo akuphunzira maina ameneŵa m'Chicheŵa ndi m'Chingerezi nthaŵi imodzi. Mwana akatchula "chofiira" chinthu chimene buku likuchitcha brown kapena orange, maso ake saperewera. Malire a mau ndiwo asiyana. Amasiyanitsa mitunduyo bwinobwino ukamupatsa zinthuzo kuti aziike m'magulu.

Momwemonso, mwana wa m'mbali mwa nyanja ya Chilwa akajambula nyanja ndi utoto wotuŵa kapena wofiirira, wajambula madzi amene amawaona tsiku ndi tsiku, pakuti nyanjayo njosazama ndipo madzi ake ngamatope. Buluu wa pa mapu ndi chizindikiro chabe chimene opanga mapu anagwirizana. Tiyenera kuphunzitsa chizindikirocho monga chizindikiro, osachotsera mwana malikisi chifukwa chakuti anayang'ana bwino.

M'kalasi mwenimweni

Choyamba chimene tikupempha nchakuti musapereke ntchito yakuti "pangani mtundu wofanana ndi uwu" muli kuloza pa sikirini. Ntchito imeneyo nthaŵi zambiri njosatheka, ndipo mwana wakhama ndiye amene adzavutika nayo koposa, kuthira utoto pa utoto mpaka pepala litabooka. Ngati mukufuna kuti ana afananize mtundu, apatseni tsamba, kansalu kapena chibuluma cha dothi, achiike pambali pa pepala lao, pa kuŵala kumodzimodzi. Uwu ndi mzimu wa TALULAR umene mumauphunzira, wophunzitsa ndi zinthu zopezeka pamalopo, ndipo pa nkhani ya mitundu zinthu zopezeka pamalopo siziri zongogwirizira poyembekeza makina: ndizo muyeso weniweni.

M'phunziro la ulimi kusiyanaku kumakhudza chakudya. Chimanga chosoŵa nayitirojeni chimasanduka chachikasu kuyambira ku masamba a m'munsi, kuchokera kunsonga kutsata msempha wapakati. Chimanga chaching'ono chosoŵa fosifolasi chimaonetsa masamba opita ku pepo. Chithunzi cha pa foni chimathandiza kuonetsa pamene kusinthako kumayambira ndi mmene kumayendera pa tsamba, koma pa kukula kwa chikasuwo musachikhulupirire. Tsamba labwino lingaoneke lodwala pa foni imene ili pa njira ya usiku. Pitani ndi ana kumunda wa sukulu, aike tsamba lodwala pambali pa labwino.

Kenaka pali mwana amene maso ake amasiyanadi ndi a anzake. Anthu ena amabadwa gulu limodzi la timaselo tija likusoŵa kapena likugwira ntchito mopereŵera, ndipo kaŵirikaŵiri amasokoneza wofiira, wobiriŵira ndi wofiirira. John Dalton, katswiri wa sayansi amene anali ndi vutoli, analifotokoza m'chaka cha 1794. Limayenda m'magazi, makamaka kudzera mwa mayi, ndipo limagwira kwambiri anyamata: pakati pa anthu ochokera kumpoto kwa Ulaya ndi pafupifupi mwamuna mmodzi mwa 12 alionse ndi mkazi mmodzi mwa 200. Pakati pa anthu a mu Africa chiŵerengerocho nchocheperapo, komabe m'kalasi ya ana 100, imene si yachilendo m'maboma athu aŵiriŵa, sikodabwitsa kupezamo mmodzi kapena aŵiri. Mwana wotere sadziŵa kuti anzake amaona mosiyana naye. Amajambula masamba ofiirira, amatola mango aaŵisi akatumidwa akupsa, amachedwa pa tabuleti pamene ntchito ikudalira mtundu wokha, ndipo dzina limene amapatsidwa msanga ndi lakuti wosamvera. Mukamukayikira, musamufunse maina a mitundu pamaso pa anzake. Mpatseni yekha tinsalu tosiyanasiyana pa kuŵala kwa masana kuti aike tofanana pamodzi, muone timene akuphatikiza. Zithunzi za timadontho zoyesera maso zimene Shinobu Ishihara wa ku Japan anazifalitsa m'chaka cha 1917 zimapezeka pa intaneti, koma zinakonzedwa kuti zisindikizidwe ndi inki zoyesedwa bwino, ndipo pa zifukwa zonse zimene tafotokozazi zotsatira za pa foni sizokwanira kuti mugamule. Chigamulo nchamadokotala a maso. Chanu ndi kuuza makolo mofatsa ndi kusintha kaphunzitsidwe. Choko chofiira pa bolodi lakuda kapena lobiriŵira mwana wotere amachiona movutikira. Pa tchati ndi pa mapu lembani dzina kapena ikani mizere ndi madontho pambali pa mtundu, ndipo makrayoni ake muwalembe maina.

Pa nthaŵi yanu yoyeserera kuphunzitsa, yesani phunziro ili ndi ana a Sitandade 5 kapena 6. Gulu lililonse litenge katoni, liigaŵe m'zipinda zisanu ndi chimodzi, ndipo lipake m'zipindamo katondo, makala osinja, njereza, chikasu, phulusa, ndi madzi a masamba a maungu otikita. Katoniyo ikauma ijambulidwe ndi mafoni aŵiri, koyamba m'kalasi m'maŵa, kachiŵiri panja masana. Ana aike zithunzi zinaizo pambali pa katoni yeniyeniyo, ndipo gulu lililonse linene chipinda chimene chasintha kwambiri ndi chimene sichinasinthe, lisanamve maganizo a mphunzitsi. Mulembe tsiku kumbuyo kwa katoni ndi kuipachika pafupi ndi zenera. Pakapita sabata ziŵiri muitsitsenso: chipinda cha masamba chidzakhala chitafiirira, cha chikasu chitazilala ndi dzuŵa, pamene katondo ndi makala zidzakhala monga zinaliri. Ana ayerekezenso ndi zithunzi zija, ndipo alembe m'makope mwao chimene chachitikira chipinda chilichonse.